Zokadzipereka kunja kocheza ndi ana akaweruka kusukulu, ndi zenizeni kapena akufuna atidyere?

Nabanda Chirimba: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Abale ndithandizeni nzeru. Pali tsamba lina pa Facebook likuti likufuna achinyamata okagwira ntchito mongodzipereka ku Germany kwa chaka, ntchito yake ndi yokhala ndi ana masana akaweruka kusukulu, kuwathandiza homuweki, masewera ndi zina zotero. Ndinalembetsa sabata yatha nde dzulo andiimbira kuti ndasankhidwa koma nditumize K650,000 ya fomu ndi yosungitsa malo Lachisanu lisanafike. Intavyu sindinapange. Masteni akuti agulitse firiji. Alipo anapitako zoterezi?

Achimwene Ndirande: Firijiyo isiyeni pomwe ili chonde kkkk

Mayi a Mapasa Bangwe: Mwanawe ndalamayo akuti utumize kuti? Ku akaunti ya bungwe kapena pa nambala ya munthu?

Nabanda Chirimba: Pa nambala ya foni amayi, ya munthu. Akuti ndi ejenti wawo wa kuno ku Blantyre koma ofesi akuti akusamutsa nde sitingakumane pano

Achimwene Ndirande: Ofesi za anthu amenewa zimangokhala zikusamuka chaka chonse

Mayi a Mapasa Bangwe: Ayi usatumize. Usawapatsenso chithunzi cha pasipoti kapena chitupa cha unzika. Mwaiwala za atsikana a ku Oman aja? Nkhani yawo inatuluka mpaka pa BBC mu 2024, onse anayamba chonchi, munthu pa foni mawu okoma, atafika uko pasipoti kulandidwa. Lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu tili nalo kuyambira 2015 koma silingakutsatire mpaka m'nyumba ya munthu kunja uko. Ine mwana wanga sangakwere ndege ndisanaone nkhope ya amene akumutumiza.

Dolo wa Mbayani: Koma amayi musatiopseze tonse, enafe tikufuna tituluke muno zinthu zavuta. Chiyambireni kugwa kwa kwacha ndi 44% mu November 2023 palibe chikuyenda. Ngati ndi zoona 650 ndi yochepa, mwezi umodzi wa ma euro wabweza

Naphiri: Ndaona mwanditchula kumbali, ndinali kuntchito. Nabanda, ine ndinapitako ku Germany ndipo ntchito yake inali yomweyi ya ana akaweruka. Mapologalamu ake alipodi enieni, koma zomwe wafotokozazi ndi zakuba, usataye nazo tulo. Ndifotokoze mmene zenizeni zimayendera kuti uzitha kusiyanitsa wekha.

Yomwe ndinapitira ine imatchedwa weltwärts. Ndi ya boma la Germany kudzera ku unduna wawo woona za chitukuko cha mayiko ena, inayamba mu 2008 koma poyamba inali yongotumiza ana awo kubwera kuno kwathu ndi mayiko ena. Mu 2013 ndi pamene anatsegula mbali yoti ifenso a ku Africa, Asia ndi Latin America tizipita kwawo. Zaka zake ndi 18 mpaka 28. Chachikulu nchoti sumafunsira kwa ejenti ayi. Pamakhala bungwe la kuno lomwe lili paubale ndi bungwe la ku Germany, la kuno ndi limene limasankha, limakuitana intavyu maso ndi maso, limakukonzekeretsa, nde la uko limakulandira. Ndege, inshulansi ya chipatala, pogona, chakudya ndi kandalama ka m'thumba zimachokera kwa iwowo. Ine zomwe ndinalipira ndekha ndi pasipoti, zithunzi, mapepala a kupolisi ndi mayendedwe a muno.

Dolo wa Mbayani: Kandalama ka m'thumbako kamakhala kangati achemwali, tiyeni tilowe pa mfundo

Naphiri: Kkkk ndimadziwa ufunsa zimenezo. Si malipiro Dolo. Kamakwana sopo, bando, nsapato za nyengo yozizira ndi kukwera sitima kukaona anzako mwa apo ndi apo. Ukakasintha mu kwacha pamutu pako umaoneka ngati bwana, ukalowa mushopu ya konko umazindikira kuti ayi ndithu. Ine kunyumba ndinkatumiza pa Khirisimasi ndi pamene kwagwa vuto basi, ndipo abale ena mpaka lero amati ndinali womana. Ngati ukufuna kukamanga nyumba ku Chileka iyi si njira yake.

Dolo wa Mbayani: Nde chaka chonse kugwira ulele? Aaa ine ayi. Bola anyamata a ku Israel aja, November 2023 anakwera ndege 221 kupita kuminda, kuli nkhondo koma amalandira

Achimwene Ndirande: Iwe Dolo ana a eni ake ungawasamale iwe? Mwana wa mlongo wako yemwe unamuiwala pa Ginnery Corner

Dolo wa Mbayani: Mbiri zabodza izo akulu kkkk anathawa yekha

Nabanda Chirimba: Zikomo achemwali a Naphiri, mtima unali m'mwamba. Nde ntchito yeniyeniyo imakhala yotani tsiku ndi tsiku? Ndi uphunzitsi?

Naphiri: Si uphunzitsi. Kumene kuja ana a pulayimale ambiri amaweruka cha m'ma 12 kapena 1 koloko makolo akadali kuntchito, nde pali malo otchedwa Hort, ena ali pasukulu pomwepo ena panyumba ina pafupi, ana amakhala pamenepo mpaka cha m'ma 4 kapena 5. Alipo anthu ophunzira ntchito yolera ana amene ndi eni ntchito, iwe volontiya ndiwe wothandizira chabe. Ine ndinkafika ana asanaweruke, kukonza matebulo, kudula zipatso, kenako kukawatenga a giredi 1 pakhomo la kalasi ndi kaundula m'manja kuchonga mmodzimmodzi. Akadya ndi nthawi ya homuweki, kenako kusewera. Ndipo kusewera panja ndi tsiku lililonse olo kuzizire bwanji, amangowaveka majekete ndi magolovesi basi tulukani. Ntchito yanga yambiri miyezi yoyamba inali kumanga zingwe za nsapato ndi kusaka golovesi imodzi yosowa, sindikunama.

Chomwe chimavuta ndi chilankhulo. Ana a zaka 6, 7 sadziwa Chingerezi ndipo sakudikira kuti umange chiganizo, amakuyankhula liwiro wina akulira wina akukukoka malaya kukuuza amene wayamba ndewu iwe ukungomva phokoso. Koma ndi iwo omwe anandiphunzitsa Chijeremani kuposa kalasi, chifukwa mwana sachita manyazi kukuuza kuti walakwitsa, amakuseka kenako nkukubwerezera mpaka unene bwino. Pamalo pathu panalinso ana a ku Syria, Turkey ndi Ukraine, ena atangofika kumene osadziwa chilankhulo ngati ine ndemwe, nde amenewo ndi amene ankandikakamira kwambiri, tinkamvana ndi manja.

Aphunzitsi Opuma Chilomoni: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. A Naphiri, gulu limodzi mumakhala ndi ana angati?

Naphiri: Kwathu kuja gulu linali la ana makumi awiri ndi kanthu aphunzitsi, akuluakulu awiri kuphatikiza ine wachitatu

Aphunzitsi Opuma Chilomoni: Hmm. Ine ndinayamba ntchito sukulu yaulere ya 1994 isanabwere, ndipo itabwera ndinaphunzitsapo Sitandade 1 ya ana opitirira 100 pansi pa mtengo, ndekha, choko chimodzi. Boma limanena kuti mphunzitsi mmodzi ana 60 koma pitani m'sukulu za m'tauni muno mukaone. Nde mundikhululukire ana anga, funso langa ndi lakuti kodi amene akusowa manja ndi ndani, iwo kapena ife? Mwana wa ku Ndirande akaweruka 12 koloko amapita kuti? Kumtsinje wa Nasolo, kumavidiyo, kapena kukagulitsa mandasi. Ife tikutumiza achinyamata athu anzeru kukamanga nsapato za ana a ku Ulaya.

Achimwene Ndirande: Apa madala alasa

Naphiri: Funso lanu ndi loona aphunzitsi ndipo sindikutsutsani. Iwo sasowa ife, nditachoka ine malo aja sanatsekedwe. Olo iwo eni amanena poyera kuti ndi pologalamu yophunzirira, nchifukwa chake pachaka pamakhala masiku 25 a maphunziro omwe umasiya ntchito nkukakhala ndi mavolontiya anzako a mayiko ena. Amene amapindula kwambiri ndi wopitayo. Koma zomwe ndinaona kumene kuja ndi zomwe ndikugwiritsa ntchito pano Loweruka lililonse ndi ana a kutchalitchi kwathu, nde sindinganene kuti chinali chaka chotayika.

Aphunzitsi Opuma Chilomoni: Monga ziti mwachitsanzo? Ndikufunsa mofuna kudziwa, osati mokutsutsani.

Naphiri: Choyamba kulanga mwana osamumenya. Ku Germany lamulo linaletsa kumenya mwana mu 2000, olo kholo lake lomwe, Sweden inayamba kale mu 1979. Nde iwe volontiya ukangokweza dzanja, olo kumukoka khutu, ntchito yatha tsiku lomwelo ndipo nkhani ikhoza kufika kupolisi. Ine ndinakulira chikwapu ngati tonsefe nde sabata zoyamba ndinkangoima kuyang'ana kamwana kakuponya mpando ndikudzifunsa kuti apa nditani. Mayi amene ndinkagwira nawo ankagwada kufika msinkhu wa mwanayo, kumuyang'ana m'maso, kuyankhula motsitsa, kumuchotsa pagulu akhale pambali mpaka mtima utsike, kenako abwerere akatole yekha zomwe wamwaza. Zimatenga nthawi koma zimatheka. Sindikuti ana awo ndi angelo ayi, ena mwano wake ungalire, kamwana ka zaka 8 kukuitana dzina lako lenileni ngati mnzake, kukuuza kuti iwe si bwana wanga.

Mayi a Mapasa Bangwe: Ine kameneko ndikanakabweza ndi ndege yomweyo

Naphiri: Kkkkk amayi mukanabwezedwa ndinu. Chachiwiri ndi chitetezo cha ana. Usanayambe amafuna kalata ya kupolisi yosonyeza kuti sunapalamulepo, ya kuno komanso ya konko. Kuyambira March 2020 aliyense wogwira ntchito malo a ana amayeneranso kuonetsa umboni wa katemera wa chikuku, nde Nabanda ngati masteni anasunga kabuku kako ka kusikelo kasunge bwino. Sukhala wekha ndi mwana m'chipinda chotseka. Mwana satengedwa ndi munthu amene dzina lake silili pa fomu, olo anene kuti ndine agogo ake mwanayo nkumuthamangira, umayamba waimbira kholo. Kujambula ana pa foni yako nkuika pa WhatsApp ndi mlandu. Ndipo chakudya, eee, mtedza! Ine ndinanyamula mtedza wokazinga ndi chiponde kuti ndikagawire ana, anandiletsa pakhomo pomwe, pali ana ena akangodya mtedza pakhosi pamatupa mpaka ambulansi. Mndandanda wa ana otero umamatidwa kukhitchini.

Asisi a Chilobwe: Pa zojambula ana mwandikhudza. Ife tili ndi kagulu ka ana kuno, tinayamba pambuyo pa Freddy mu March 2023 ana ambiri atataya makolo ndi nyumba pamene matope anatsika m'phiri la Soche, timakumana masana katatu pasabata. Kunabwera alendo ena ochokera kunja, sinditchula bungwe lawo, anakhala masabata awiri. Anthu abwino ndithu, anabweretsa mipira ndi makrayoni. Koma foni m'manja tsiku lonse, kunyamula mwana aliyense kujambula, mwana wa mamina ndi malaya ong'ambika ndi amene ankamufuna kwambiri, wovala bwino ayi. Palibe anapempha chilolezo kwa kholo. Kwawo sangayerekeze. Tsiku lochoka ana kulira, kamtsikana kena kanasiya kubwera mwezi wathunthu chifukwa kanazolowera mzungu wake uja ndipo anakalonjeza kuti adzabweranso. Ana amene aferedwa kale sufunika kumawazoloweretsa munthu woti achoka Lachisanu.

Ankolo a ku Leeds: Zimenezo zilipo zambiri. Ndipo ambiri mwa amenewo amalipira ndalama zambiri kwa makampani kuti abwere kumeneko, ndi bizinesi, ndalamayo kagulu ngati kanuko sikaiona. Kuno munthu sungayandikire ana a eni popanda DBS, kufufuzidwa mbiri yako kupolisi, koma akafika kumudzi uko timangowatsegulira chifukwa cha khungu.

Aphunzitsi Opuma Chilomoni: Tisawaphatikize onse. A Peace Corps anayamba kubwera muno mu 1963, a ku Japan mu 1971, ndipo amenewo amakhala zaka ziwiri, amaphunzira Chichewa, amadya nsima ya mgaiwa ndi ife. Ine masamu a Fomu 2 anandiphunzitsa ndi mmodzi wa iwo. Vuto ndi awa a masabata awiriwa.

Asisi a Chilobwe: Zoona aphunzitsi, wokhalitsa ndi wina. Nchifukwa chake panopa tinaika lamulo, mlendo aliyense kaya mzungu kaya wa ku Namiwawa foni m'chikwama, ndipo wofuna kuthandiza alonjeze teremu yathunthu.

Nabanda Chirimba: Ankolo nanga ku UK kuli mwayi wotere? Chingerezi nde ndimachitha kusiyana ndi kuyamba Chijeremani pa ziro

Ankolo a ku Leeds: Ulipo koma ndi wodula mwana wanga. Pali viza yotchedwa Charity Worker, umakhala mpaka miyezi 12, ntchito yake yosalipidwa ndipo sungagwire ganyu ina yolipidwa pambali. Bungwe lachifundo la kuno lomwe lili ndi chilolezo cha boma liyenera kukupatsa kaye satifiketi yokuitana. Uonetse £1,270 ku akaunti pokhapokha bungwelo litalemba kuti likusamala, ulipire viza, ulipire ya chipatala £1,035 pachaka, komanso poti ndiwe wa ku Malawi ukakhala kopitirira miyezi 6 amafuna ukayezetse TB. Tawerengera wekha mu kwacha. Mndandanda wa mabungwe ololedwa kuitana anthu uli pa webusayiti ya boma la UK, aliyense akhoza kuuona, dzina likasowa pamenepo ndi wakuba ameneyo. Ndipo osabwera pa viza yokacheza nkumati ndikadziperekako chaka, akakugwira sudzalowanso msanga.

Dolo wa Mbayani: Nanga America?

Achimwene Ndirande: Iwe sunamve? Pa 20 August 2025 a Malawi ndi a Zambia ofuna viza yokacheza anayamba kuuzidwa kuti asiye chikole cha $5,000, $10,000 kapena $15,000. Ugulitse Mbayani yense

Dolo wa Mbayani: Basi ndikhala konkuno ndizidya bonya

Mnyamata wa Zingwangwa: Ndilowererepo. Anthu mukangomva kunja mumaganiza Ulaya basi. Ine ndinapita ku Zambia kudzera ku bungwe lomwe ndinkathandizako za mpira wa ana, panali kusinthana achinyamata ndi bungwe la ku Lusaka ndipo ndalama zinachokera ku Norec ya ku Norway, ija inkatchedwa FK Norway isanasinthe dzina mu 2018. Iwonso salandira munthu payekha, amapereka ndalama ku mabungwe awiri kuti asinthane anthu awo. Ndinali mu komboni ina ku Lusaka, ana akaweruka timayamba ndi kuwerenga ola limodzi kenako mpira, wosabwera kowerenga sasewera, lamulo losavuta koma linkagwira ntchito kwabasi. Chinyanja chawo ndi chathu timamvana tsiku loyamba lomwe, nsima yomweyo, nde sunataye miyezi itatu ukuphunzira kunena kuti khalani pansi. Ndipo mavuto a ana ake ndi athu omwewa, njala, kusowa mabuku, atsikana kusiya sukulu, nde zomwe waphunzira ukabwera nazo kuno zimalowa bwinobwino. Za a Naphiri zija zina nzofuna ndalama.

Naphiri: Pamenepo wanena zoona. Kuja chipinda chodzaza zidole ndi mabuku, pepala lojambulira silitha. Koma chodabwitsa masewera amene ana aja anawakonda kwambiri ndi athu osafuna ndalama. Ndinawaphunzitsa phada ndi timiyala, fulaye, bawo tinapanga ndi makatoni a mazira ndi nyemba. Tsiku lina tinapanga mpira wachikulunga ndi mapepala apulasitiki, anyamata anasiya mpira weniweni nkumalimbirana umenewo. Nthano nazonso, ndinawaphunzitsa kuyankha kuti tili tonse ndikati padangotero, amakuwa mpaka a ofesi kutuluka. Nde Nabanda ukamapita usapite manja lende ngati wokaphunzira yekha, pa intavyu amafunsa kuti iwe ubweretsa chani.

Mnyamata wa Zingwangwa: Kwa amene muli ndi digiri palinso ya African Union, AU Youth Volunteer Corps, inakhazikitsidwa mu 2010, amakutumiza dziko lina la mu Africa muno kwa chaka. Koma imeneyo ndi ya m'maofesi kwambiri osati ya ana.

Mayi a Mapasa Bangwe: A Naphiri tiuzeni zoipa zake, mwangonena zokoma. Mwana wamkazi yekhayekha dziko la eni

Naphiri: Zilipo amayi. Kuzizira ndi mdima. Mu December 4 koloko masana kwada kale, umapita kuntchito kuli mdima kubwerako kuli mdima, ndipo pamakhala masabata dzuwa osalionako. Ine January ndinkalira ndekha kuchipinda osadziwa chomwe ndikulirira. Lamulungu mashopu onse otseka, msewu zii, munthu wozolowera phokoso la ku Limbe umaona ngati kwagwa maliro. Banja lomwe ndinkakhala nalo linali labwino koma madzulo chakudya ndi buledi wozizira ndi tchizi, ndinkachita kukasaka ufa kushopu ya anthu a ku West Africa mutauni ina kuti ndiphikeko nsima. Tsankho liliponso, osati tsiku lililonse koma lilipo, m'basi mpando wa pambali pako kukhala wopanda munthu basi itadzaza, kholo lina kudutsa iwe nkukafunsa mzungu mnzako za mwana yemwe wakhala naye iweyo tsiku lonse. Ana amakugwira tsitsi, kukufunsa ngati kwanu mumagona ndi mikango, koma awo ndi ana umangowafotokozera. Ubwino wa pologalamu yeniyeni ndi woti umakhala ndi munthu wa bungwe amene ntchito yake ndi kumva madandaulo ako, ndipo zikavuta panyumba kapena pantchito akhoza kukusamutsa. Pasipoti umasunga wekha. Aliyense wonena kuti bweretsa ndikusungire, thawa.

Dolo wa Mbayani: Funso lomaliza, chaka chikatha munthu osangotsalira konko bwanji? Mwabwereranji achemwali, ife tikufuna kuthawa inu mukubwerera

Naphiri: Chilolezo chokhalira chimayendera pangano la ntchitoyo, likatha chathanso. Alipo amene amapeza malo a maphunziro a ntchito monga unamwino kapena kulera ana nkupitiriza mwalamulo, Chijeremani chikakhala chabwino. Koma wongothawa amakhala wobisala, osapita kuchipatala, ndipo amatsekera anzake chifukwa chaka chotsatira a viza amayamba kukayikira aliyense wochokera ku bungwe limenelo. Ine ndinasaina kuti ndidzabwerera ndipo bungwe lomwe linandituma linkandidikira.

Achimwene Ndirande: Komanso chibwenzi chinkadikira, nenani zonse

Naphiri: Adimini chotsani munthu uyu kkkk

Adimini: Achimwene chenjezo loyamba. Nabanda tumiza kumbali dzina la tsambalo ndi nambala ija tichenjeze magulu ena, pagulu pano osaika nambala ya munthu. Ndipo ukanene kupolisi, olo usanabedwe, ena atumiza kale.

Nabanda Chirimba: Ndatumiza adimini. Angondiimbiranso pompano ndawafunsa dzina la bungwe la ku Germany ndi la kuno akuti ndi chinsinsi mpaka ndilipire, ndati ndibwera ndi ankolo anga apolisi tidzalipire pamanja adula foni kkkk. Koma mtima wofuna kupita ukadalipo, nde ndiyambire pati?

Naphiri: Ndikufunse kaye, unayamba wagwirapo ndi ana? Osati ana a kunyumba, gulu la ana a eni

Nabanda Chirimba: Sande sukulu pang'ono ndili ku sekondale, basi

Naphiri: Nde yambira pamenepo. Mabungwe otumiza anthu amasankha amene akuwadziwa kale, amene akhala akubwera mvula ndi dzuwa popanda alawansi, chifukwa akufuna munthu woti akabwerako adzapitirize. Kalata yokuchitira umboni yochokera kwa munthu amene anakuona ukugwira ndi ana imalemera kuposa satifiketi ya MSCE. Komanso udziyese wekha, pali anthu amakonda ana pa chithunzi koma maola anayi a phokoso mutu umawawa. Uku ukuyamba Chijeremani pa Duolingo, app ya pa foni yophunzirira zilankhulo, tsiku lililonse olo mphindi khumi, ukafika poti ukhoza kudzifotokoza wekha. Pasipoti panga msanga usadikire kusankhidwa, tonse tikukumbuka mmene zinaimira kumayambiriro kwa 2024. Ndipo lowa pa webusayiti ya weltwärts yeniyeniyo uwerenge wekha, usamve za ine zokha.

Aphunzitsi Opuma Chilomoni: Apa nde tagwirizana a Naphiri. Malo oyambira ndi ambiri muno mu Blantyre. Pafupifupi dera lililonse lili ndi sukulu ya mmera mpoyamba, ma children's corner aliponso m'madera ambiri ndipo amasowa anthu. Pitani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya boma mukafunse magulu olembetsedwa a kufupi ndi kwanu. Sukulu zomwe ana amalandira phala la Mary's Meals, amene anayambira muno m'Malawi mu 2002, ophika ake ndi amayi ongodzipereka a m'dera, amadzuka usiku kukasonkha moto, amenewonso ndi mavolontiya ngakhale sakwera ndege. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo nonse ogwira ndi ana sungani nambala ya 116, ndi yaulere, mukaona mwana akuzunzidwa.

Asisi a Chilobwe: Nabanda ngati ukufuna bwera kwathu. Tili ndi a Sitandade 8 amene akukonzekera mayeso ndipo wa Chingerezi tilibe, amene ankatithandiza anapeza ntchito ku Lilongwe. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu kuyambira 2 koloko. Ndalama palibe, ndinene poyera, olo ya minibasi. Ndipo tidzafuna kalata ya amfumu kapena abusa ako, komanso usaine malamulo athu.

Nabanda Chirimba: Chirimba mpaka Chilobwe ndi maminibasi awiri asisi, katatu pasabata sindingakwanitse, ndingathe Lachitatu lokha mwina ndi Lachisanu ndikapeza ya transipoti

Asisi a Chilobwe: Lachitatu lokhalo bola lisamaphonyeke. Ana amawerenga masiku.

Mnyamata wa Zingwangwa: Ine ndili pafupi, Lachisanu ndikhoza kumabwera ndi mipira iwiri ngati bwalo lilipo

Asisi a Chilobwe: Bwalo ndi la sukulu timapempha kwa ahedi, koma ndi lotsetsereka mpira umathawira kumsewu, mudzaone nokha

Aphunzitsi Opuma Chilomoni: Ndili ndi mabuku akale a Sitandade 7 ndi 8 m'katoni, ena silabasi yake inasintha koma a Chingerezi ndi masamu akhoza kuthandiza. Wina adzatenge, miyendo yanga siyilolanso kukwera Chilobwe.

Dolo wa Mbayani: Ine ndikhoza kukatenga pa njinga mawa, koma mafuta agawane ndi Achimwene

Achimwene Ndirande: Ine ndalowamo bwanji apa

Mayi a Mapasa Bangwe: Mwalowamo chifukwa mwayankhula kwambiri. Nabanda uwauze masteni za firiji ija asanapeze kasitomala

Nabanda Chirimba: Ndawauza kale amayi, akuti nde ndiwabwezere ya bando yomwe ndathera pa anthu aja. Asisi nditumizireni kumbali poti ndidzatsikire Lachitatu, Chilobwe sindikuidziwa bwino